Anthu 130 amene anakaphunzira kusoka malaya ku Korea

[Pa sikirini: dzanja likutembenuza kolala ya shati kuti lebulo ioneke]

Moni nonse, takulandirani. Tisanapite patali, tatembenuzani kolala ya shati imene mwavalayo muwerenge kalebulo kali mkatimo. Ngati munagula pa kaunjika, nthawi zambiri mupeza palembedwa China, Vietnam kapena Bangladesh. Lero tikamba za dziko lachitatulo, komanso za ulendo umodzi wa ophunzira umene unachitika mu 1979. Anthu 130 ananyamuka ku Bangladesh kupita ku South Korea, anakakhalako pafupifupi miyezi 6, n'kubwerera kwawo. Akatswiri a zachuma mpaka lero amawutchulabe ulendowu akamafotokoza mmene dziko losauka limayambira kugulitsa katundu kunja.

Nkhaniyi ndaisankha chifukwa ambirife tili ndi m'bale kapena mnzathu amene anapitako kunja kukaphunzira, wina ku China, wina ku India, wina ku minda ya ku Israel. Amabwera ndi satifiketi, zithunzi ndi nkhani zokoma. Patapita chaka, ambiri amapezeka ali pomwe anali asanapite. Ndiye funso langa ndi ili: anthu 130 aja anachita chiyani chosiyana?

[Pa sikirini: mapu a Bangladesh, mzinda wa Dhaka ndi doko la Chittagong]

Tiyambe ndi dziko lenilenilo. Bangladesh inalandira ufulu mu 1971 itamenya nkhondo yoopsa ndi Pakistan. Mu 1974 kunagwa njala imene inapha anthu ambirimbiri. Kukula kwa dzikoli kumangoposa Malawi pang'ono, koma lero kuli anthu oposa 170 miliyoni. Pa nthawi imene tikunenayi, ndalama zakunja ankazipeza makamaka pogulitsa jute, mbewu imene luzi lake amapangira ziguduli ndi zingwe, ndipo msika wake unali ukulowa pansi chifukwa cha matumba a pulasitiki. Matelala analipo m'misika monga aliri kwathu kuno. Kampani ina yaing'ono, Reaz Garments, inatumizako mashati 10,000 ku Paris mu 1978. Koma fakitale yaikulu yosokera msika wakunja kunalibe.

Apa m'pamene pakubwera anthu awiri. Woyamba ndi Noorul Quader, yemwe anali mkulu m'boma la Bangladesh, wodziwana ndi akuluakulu, ndipo anasiya ntchito ya boma n'kuyamba bizinesi. Kampani yake anaitcha Desh Garments. Wachiwiri ndi Kim Woo-choong wa ku South Korea, mwini wake wa Daewoo. Ambiri timaidziwa Daewoo chifukwa cha magalimoto ndi mawailesi a kanema, koma pamene Kim ankaiyambitsa mu 1967 inali kampani yogulitsa nsalu ndi zovala kunja.

N'chifukwa chiyani kampani yaikulu ya ku Korea inafuna kuphunzitsa anthu a dziko lina ntchito imene iyo inkadyerapo? Sichinali chifundo. Kuyambira mu 1974 panali pangano la mayiko lotchedwa Multi-Fibre Arrangement. Panganoli linkalola America ndi mayiko a ku Ulaya kuika malire pa kuchuluka kwa zovala zochokera ku dziko lililonse, pofuna kuteteza mafakitale awo. Korea inali itafika kale pa malire ake. Makasitomala Daewoo inali nawo, maoda analipo, koma njira yotumizira katundu wochuluka inali yotsekeka. Bangladesh inalibe malire alionse, poti panalibe amene ankaiwerengera. Shati yosokedwa ku Chittagong inkalowa ku America popanda malire amenewa, ndipo malipiro a antchito anali otsika kwambiri.

Choncho anagwirizana. Desh imanga fakitale ndi kulemba anthu ntchito. Daewoo iphunzitsa anthuwo, ithandiza kugula makina ndi nsalu, ndipo izigulitsa zovalazo kwa makasitomala ake. Pa zonse zogulitsidwa, Daewoo izitengapo 8 peresenti. Mgwirizano unali wa zaka 5.

[Pa sikirini: mizere ya makina osokera m'fakitale]

Tsopano tifike pa ulendo weniweniwo, ndipo pano ndichedwapo pang'ono chifukwa m'pamene pagona nkhani.

Anthu 130 aja anapita ku fakitale ya Daewoo mumzinda wa Pusan, umene masiku ano amalemba kuti Busan. Ambiri anali achinyamata opita kusukulu ndithu, ndipo pafupifupi onse anali asanagwirepo ntchito m'fakitale ya zovala. Mwa iwo munali akazi angapo, chimene chinali chachilendo kwambiri m'dziko limene mtsikana sankayembekezeka kuchoka pakhomo kukagwira ntchito, nanji kuwoloka nyanja. Sanapite kukaona malo. Anawaika pa mzere, pa makina, m'fakitale imene inali ndi maoda enieni ofunika kutumizidwa pa tsiku lake.

Mwina mukufunsa kuti, kusoka shati kumafunika kupita ku Korea? Si telala aliyense amatha? Taganizirani telala wa pakhonde la sitolo. Amakuyezani, amadula nsalu, amasoka kolala, manja, thumba, amaboola mabatani, amasita, zonse yekha. Akalimbikira amatulutsa mashati angapo pa tsiku, ndipo iliyonse imasiyanako pang'ono ndi inzake. Kasitomala wa ku Germany safuna zimenezo. Iye akufuna mashati 20,000, ndipo ya saizi 15 iliyonse ikhale ndendende ngati inzake, mtundu wa nsalu usasiyane, ndipo katundu akwere sitima tsiku limene munapangana.

Kuti zimenezi zitheke, shati imodzi amaigawa m'timagawo tambirimbiri. Ntchito imayambira pa tebulo lodulira, lalitali ngati kalasi. Amayala nsalu n'kusanjikiza ina pamwamba pa inzake, kambirimbiri, kenako amaika pepala lojambulidwa zidutswa zonse za shati n'kudula mulu wonsewo kamodzi ndi mpeni wamagetsi. Wojambula pepala lija ndi munthu wofunika kwambiri. Akasiya mipata ikuluikulu pakati pa zidutswa, nsalu yotayika pa shati imodzi imaoneka yochepa, koma muichulukitse ka 20,000, phindu lonse lathera pansi pa tebulo. Zidutswa zija amazimanga m'timitolo, kalikonse ndi nambala yake, kuopa kuti dzanja lodulidwa pa mpukutu wina wa nsalu lingakasokeredwe pa shati ya mpukutu wina, mitundu n'kusiyana.

Kenako timitolo timalowa pa mzere. Mayi uyu ntchito yake ndi kolala basi, tsiku lonse. Wotsatira amasoka thumba. Wina amalumikiza mapewa. Ndiye pali vuto limene munthu sangalimvetse atangowerenga m'buku: magawowa satenga nthawi yofanana. Kolala imachedwa, mpendero wam'munsi umafulumira. Kapitawo akapanda kuwerengera bwino, pa makina a kolala pamaunjikana mulu, pamene anthu khumi kutsogoloko angokhala manja lende kudikira. Kapitawo wodziwa ntchito amayenda ndi wotchi, amayeza masekondi a gawo lililonse, amaika anthu awiri pamene pakuchedwa, amasuntha makina, mpaka katundu aziyenda osaima. Amadziwanso kumva kulira kwa makina n'kuzindikira kuti singano yabuntha ulusi usanayambe kuduka.

Ndipo sizinathere pa makina. Ena mwa iwo anaphunzira kuwerengera mtengo wa shati asanavomere oda, kuitanitsa nsalu ndi mabatani kuti zifike nthawi yabwino, kuyendera katundu asanalowe m'katoni, kulemba mapepala a kasitomu ndi a sitima, ndi kuyankha kasitomala akadandaula. Gulu lija linabwerera kwawo litanyamula fakitale yathunthu m'mitu mwawo, kuyambira pa tebulo lodulira mpaka padoko. Akanatumiza munthu mmodzi kapena awiri, akanabwera ndi kachidutswa chabe. Ine ndimaona kuti nambala ya 130 ija payokha ndi mbali ya chinsinsi.

[Pa sikirini: 1980, Chittagong]

Atabwerera anapeza fakitale ikuwadikira ku Chittagong, pafupi ndi doko. Makina analipo, akatswiri ena a ku Korea anabwera kudzathandiza kuyambitsa, ndipo wogula anali kale pamzere. Ntchito inayamba mu 1980. Katswiri wa ku World Bank, Yung Whee Rhee, amene anafufuza nkhaniyi n'kuilemba mu 1990, ndiye anachititsa kuti idziwike padziko lonse. Chaka choyamba Desh inasoka mashati 43,000, a ndalama zongopitirira madola 55,000. Pofika 1987 inkasoka mashati 2.3 miliyoni pa chaka. Anthu aja anaigwira ntchito msanga moti mu June 1981 Desh inathetsa mgwirizano wa zaka 5 uja, n'kuyamba kudzigulira nsalu ndi kudzipezera makasitomala yokha.

Taimani pamenepa. Luso limene munthu waphunzira ndi manja limazilala akapanda kuligwiritsa ntchito. Wophunzira akabwera kuchokera ku munda wothirira ndi mapaipi a madontho, n'kukhala zaka ziwiri akufunafuna malo, madzi ndi mpamba, zambiri zimene ankazidziwa zimakhala zitauluka. Anthu a Desh sanadikire. Zimene anachita ku Pusan anapitiriza kuchita kwawo mkono usanaiwale. Amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, n'zoona, komatu pobwerera dziwe lakwawo lisakhale louma.

[Pa sikirini: kontena padoko, mapepala a banki]

Panali zopinga ziwiri zimene luso la kusoka silikanatha kuchotsa, ndipo apa aliyense wochita bizinesi yoitanitsa katundu kunja amve bwino.

Bangladesh sinkapanga nsalu yoti kasitomala wa ku Ulaya angaivomere. Nsalu, ulusi, mabatani, zonse zinkachokera kunja, ndipo msonkho wa katundu wolowa unali wokwera. Mukalipira msonkho pa nsalu, shati yanu imadula kuposa ya ku Korea, ndiye palibe angaigule. Ku Korea anali ndi njira yake, ndipo Quader anakaifotokoza kuboma. Njirayo ndi bonded warehouse. Nsalu imalowa m'dziko popanda msonkho, imasungidwa m'nyumba yolembetsedwa kwa a kasitomu, ndipo fakitale imasonyeza kuti nsalu yonseyo yatulukanso m'dziko ili mashati. Ikapezeka pamsika wam'dzikomo, mlandu.

Chopinga chachiwiri tikuchidziwa bwino kwathu kuno: ndalama zakunja. Nsalu amagula ndi madola, madolawo m'mabanki mulibe, ndipo mwini fakitale watsopano alibe mpamba wogulira nsalu ya mashati 20,000. Yankho lake linali back-to-back letter of credit. Imayenda chonchi. Kasitomala wa ku Germany amapita ku banki yake, bankiyo n'kulemba kalata yolonjeza kuti mashati akangokwera sitima, ndalama zilipiridwa. Mwini fakitale ku Chittagong amatenga kalata ija kupita nayo ku banki yake ngati chikole. Banki yake imalembanso kalata ina kwa wogulitsa nsalu ku Korea kapena ku Hong Kong, yolonjeza kulipira pakapita miyezi ingapo. Nsalu imabwera, mashati amasokedwa, amatumizidwa, ndalama za ku Germany zimafika, banki imadulapo za nsalu, zotsala n'kupatsa mwini fakitale. Oda yeniyeniyo ndiyo yasanduka mpamba, ndipo madola ogulira nsalu achokera kwa kasitomala yemweyo, osati m'thumba la boma.

Tisabise, zimenezi zinatheka msanga chifukwa Quader anali munthu wolowa m'maofesi a boma popanda kudikira pabenchi. Telala wamba sakanamvedwa. Koma chabwino chimene boma linachita n'chakuti njira ziwirizi sanazisiyire Desh yokha. M'zaka za m'ma 1980 zinakhala lamulo la aliyense wosokera msika wakunja. Munthu wokhala ndi makina ochepa, nyumba ya lendi ndi oda m'manja ankatha kuyamba.

[Pa sikirini: nambala 130, kenako 115]

Ndiye panachitika chinthu chimene mwini bizinesi aliyense amachiopa. Mwa anthu 130 aja, 115 anachoka ku Desh m'zaka za m'ma 1980. Ena anatsegula mafakitale awoawo. Ena anakopedwa ndi malipiro abwino ndi amalonda amene anali ndi ndalama koma osadziwa kuyala mzere wa makina. Kulikonse kumene anapita anaphunzitsa ena, enawo n'kuchokanso kukayambitsa kwina. Pofika 1985 m'dzikomo munali makampani a zovala oposa 700, ndipo chaka chomwecho America inaika malire pa zovala za ku Bangladesh, umboni wakuti dziko lija linali litayamba kuwerengeredwa.

Kwa Desh kuchoka kwa anthuwa kunali kupweteka. Kwa Daewoo, imene inalipira nthawi ndi akatswiri ake, phindu linali lochepa poyerekeza ndi zimene zinabadwa. Wopindula kwenikweni linali dziko. Apa pali phunziro la zachuma limene maboma ambiri amaliphonya. Wophunzitsa anthu ntchito yatsopano sakolola yekha zimene wafesa, chifukwa luso limayenda ndi munthu. N'chifukwa chake makampani ambiri safuna kukhala oyamba, aliyense amadikira kuti wina aphunzitse iye adzangolemba ntchito. Ku Bangladesh woyambayo anapezeka chifukwa malire a zovala aja anakakamiza Daewoo. Kumene kulibe chokakamiza chotero, boma kapena mabungwe a amalonda ayenera kusenza nawo mtengo wa maphunzirowo, apo ayi palibe adzayambe.

Lero Bangladesh imagulitsa kunja zovala za pafupifupi madola 40 biliyoni pa chaka. Ndi China yokha imene imaiposa moonekeratu, pamene Vietnam ikupikisana nayo pafupi. Ntchitoyi imalemba anthu pafupifupi 4 miliyoni, oposa theka ndi akazi, ambiri ochokera kumidzi. Ofufuza anapeza kuti m'midzi yoyandikana ndi mafakitale atsikana ankakhalitsa pasukulu ndi kuchedwa kukwatiwa, poti makolo anaona kuti mwana wodziwa kuwerenga ndi masamu amapeza ntchito. Pangano la malire lija litatha kumapeto kwa 2004, ambiri ankati mafakitale a ku Bangladesh agwa chifukwa cha China. Sanagwe, anakula.

[Pa sikirini: chithunzi cha nyumba yogumuka, Savar, 2013]

Koma nkhaniyi ili ndi maliro ake, ndipo sindingaikambe n'kudumpha pamenepa. Mafakitale anachuluka mofulumira kuposa oyendera nyumba ndi malamulo a chitetezo. Mu November 2012 moto unabuka pa fakitale ya Tazreen pafupi ndi Dhaka, n'kupha anthu osachepera 112. Pa 23 April 2013, m'nyumba ya nsanjika 8 yotchedwa Rana Plaza ku Savar, pafupi ndi Dhaka, munaoneka ming'alu. Banki ndi masitolo a pansi anatseka. Osoka zovala a m'mwamba anauzidwa kuti abwere ku ntchito mawa lake. M'mawa wa pa 24 April nyumbayo inagumuka. Anthu 1,134 anafa, ndipo pafupifupi 2,500 anavulala. Ambiri anali akazi amene ankaopa kudulidwa malipiro a mwezi.

Ngoziyi itachitika, makampani ogula zovala oposa 200, ambiri a ku Ulaya, anasaina ndi mabungwe a antchito pangano lotchedwa Accord, lokakamiza kuyendera mafakitale ndi kukonza magetsi, makomo othawira moto ndi zipilala. Chitetezo chinasinthadi m'mafakitale ambiri. Funso lowawa n'lakuti n'chifukwa chiyani zinadikira mitembo yoposa 1,000. Malipiro nawo akadali nkhondo. Mu 2013 malipiro otsikitsitsa anali 5,300 taka (ndalama ya ku Bangladesh) pa mwezi, mu 2018 anafika 8,000. Mu 2023 antchito ananyanyala ntchito akufuna 23,000, ena anafa pa zionetserozo, ndipo boma linaika 12,500, imene panthawiyo inali madola ongopitirira 110.

Palinso nkhawa ina. Zovala zimabweretsa ndalama zoposa 80 peresenti ya zonse zimene Bangladesh imagulitsa kunja. Korea imene inawaphunzitsa inachoka pa mashati n'kupita ku zitsulo, sitima, magalimoto ndi zamagetsi. Bangladesh, patatha zaka zoposa 40, idakadalira kwambiri makina osokera. Ife amene takulira m'dziko lodalira fodya tikudziwa mmene mtima umakhalira msika wa mbewu imodziyo ukagwedezeka.

[Pa sikirini: wofotokoza akuyang'ana kamera]

Nanga kwa ife? Ndisakunamizeni kuti titumize anthu 130 kukaphunzira kusoka mashati ndiye basi talemera. Zinthu zina za nkhaniyi sizingabwerenso. Malire a zovala amene anathamangitsira Daewoo ku Bangladesh anatha. Fakitale ya Desh inali pafupi ndi doko, pamene kontena yochokera ku Blantyre kapena ku Lusaka iyenera kuyenda mtunda wautali kukafika ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, ndipo pa malonda a zovala kuchedwa sabata imodzi kungathetse oda.

Chimene tingatengepo ndi kakonzedwe ka ulendowo. Ndikamva kuti koleji kapena unduna ukutumiza ophunzira kunja, ndimafuna kumva zinthu zimene kawirikawiri sizitchulidwa pa mwambo wotsanzikana. Akupita kukagwira ntchito yeniyeni ndi manja, kapena kukazungulira m'basi? Akupita ngati gulu limene likabwera lingayendetse ntchito yonse, wina wodziwa kulima, wina kusankha ndi kulongedza, wina firiji ndi mayendedwe, wina mapepala a kasitomu? Ndani adzagule zimene adzapange, ndipo wogulayo walankhulidwa kale? Quader anayamba wapeza wogula, maphunziro anabwera pambuyo. Ife nthawi zambiri timaphunzitsa anthu kaye, msika tidzaona kutsogolo.

Ndipo inu amene muli ndi mwayi wopita, kaya ndi miyezi itatu kaya chaka, musamangoyang'ana makina akuluakulu amene kwanu simungawagule. Khalani pafupi ndi kapitawo. Funsani mtengo wa chilichonse, amagula kuti, amalipira liti, katundu akakanidwa amatani. Pemphani kuona fomu ya oda ndi pepala loyendera katundu, muone mmene amalembera. Dziwanani ndi munthu wa ku ofesi yogulitsa, mutenge nambala yake, chifukwa ameneyo ndiye angadzakutumizireni oda yoyamba. Muyang'anenso makomo othawira moto ndi malipiro a anthu amene mukugwira nawo ntchito, kuti tsiku limene mudzalembe anthu anu mudzadziwe zoti musatengere.

Noorul Quader anamwalira mu 1998. Daewoo inagwa ndi ngongole mu 1999. Mu vidiyo yotsatira tipita ku Lesotho, dziko la kuno kwathu lopanda doko, limene linakulitsa ntchito yosoka majinzi a msika wa ku America kudzera mu AGOA, lamulo la America lochotsa msonkho pa katundu wina wochokera ku mayiko a mu Africa, tikaone chifukwa chake mafakitale ambiri kumeneko anakhalabe m'manja mwa eni ake ochokera ku Taiwan. Ngati munapitako kunja kukaphunzira ntchito, tilembereni m'munsimu kumene munapita ndi zimene munapeza mutabwerera.